Ngalande ya M'khola Lachitatu

Ankamutchula Levulo chifukwa sankayenda popanda levulo yake, chitsulo chotalika ngati mkono chokhala ndi kathovu pakati, chimene amisiri amayezera ngati pansi pawongoka. Ku ukwati ankapita nayo. Kumaliro ankaisiya m'galimoto, koma galimotoyo ankaiimika pafupi. Anali mmisiri woika simenti ya pansi, ndipo sankadikira kuti wina amutamande, ankayamba yekha. Ntchito anaiyamba ndi fosholo yobwereka ndi nsapato ziwiri zosiyana mitundu, koma pofika pano anali ataika pansi pa mahotela, pa mabwalo a ndege, ngakhale m'madoko a mayiko ozizira kumene simenti yaiwisi amaifunditsa bulangeti ngati khanda. Ukamufunsa nthawi ankakuuza nthawi, kenako n'kukuuzanso dziko limene anagula wotchiyo ndi zimene wogulitsayo ananena ataona manja ake.

Galu wa mkazi wake anasowa Lolemba m'mawa, ndipo amene anasiya geti lotsekula anali Levulo yemweyo. Atatulutsa galimoto anaona mnansi wake akuthirira maluwa, n'kutsika kuti amufotokozere kaye za chipatala china cha nsanjika khumi ndi ziwiri chimene anaikamo pansi. Nkhaniyo inakwera nsanjika imodzi imodzi, osadumpha. Pofika yachisanu ndi chinayi, galu anali atadutsa kale kumbuyo kwawo n'kukhota pakona.

Galuyo dzina lake linali Folomani, chifukwa ntchito yake inali kugona pamthunzi n'kumayang'ana ena akugwira ntchito. Anali wofiirira, khutu limodzi lopindika. Mkazi wa Levulo anamutenga ali kamwana chaka chimene mwana wawo womaliza anakwatiwa, ndipo miyezi yonse imene mwamuna wake ankakhala kunja kwa dziko, Folomani ndiye ankagona pakhomo la kuchipinda. Mayiyo sanakalipe. Anangoyang'ana getilo, n'kuyang'ana mwamuna wake.

"Galu ameneyo wakhala m'nyumba muno masiku ambiri kuposa inu, bambo," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Levulo anafunafuna masiku atatu. Anafunsa alonda, ogulitsa makala ndi okonza matayala, ndipo aliyense wa iwo Levulo anamusiyira nambala ya foni ndi kankhani ka dziko lina. Lachinayi, woyendetsa galimoto ya zinyalala anamuuza kuti Lolemba lomwelo anaona anthu a khonsolo akukweza galu wa khutu lopindika m'galimoto yawo ya mawaya.

Malo osungirako agalu osochera anali kuseri kwa galaja yokonzerako mabasi. Panali makola atatu aatali a njerwa, ofolera malata, kutsogolo kwake kuli mawaya. Phokoso lake unkalimva usanatsike m'galimoto, fungo la mankhwala ophera tizilombo linkakulandira pageti. Woyang'anira malowo, bambo wa tayi wokhala mu kaofesi kothina, anatsegula buku n'kumupeza galuyo msanga: khola lachitatu. Kenako anatseka bukulo pang'onopang'ono n'kufotokoza kuti Lachiwiri dokotala wa ziweto analamula kuti m'khola lachitatu musalowe galu, musatuluke galu. Agalu a mmenemo anali ndi zilonda kumapazi ndi kumimba, ankatsokomola, asanu ndi mmodzi anali atafa kale, ndipo mankhwala sankagwira. Makola awiri enawo anali bwinobwino, choncho dokotalayo ankaopa kuti ndi matenda opatsirana. Anapereka nthawi mpaka Lachisanu la sabata yotsatira. Zinthu zikapanda kusintha, agalu onse makumi atatu ndi asanu ndi atatu adzawabaya jakisoni wowagonetseratu.

Levulo anatulutsa khadi la katemera wa Folomani. Anatchula mayina a maudindo a anthu amene anawaikira pansi m'nyumba zawo. Ananena kuti m'mayiko amene iye anayenda zoterezi sizingachitike. Woyang'anirayo anamvetsera zonse mwaulemu n'kunena kuti lamulo si lake, koma kuona galuyo pawaya angathe.

Folomani anali ataimirira. Chimenechi ndicho chinamubaya Levulo pamtima kuposa nthiti zimene zinayamba kuoneka. Galu amene ankadya atagona, amene ankauwa akuba atagona, anali chiimire pafupi ndi chitseko, akunyamula phazi ili, kuliika, kunyamula linalo. Anzakenso onse anali ataunjikana kutsogolo komweko, ena atakwerana pamsana, pamene matabwa ogonapo amene anakhomedwa m'mbali mwa khoma la kumbuyo anali opanda galu ndi mmodzi yemwe.

Pambali pake panaima mayi wovala majombo, atagwira paipi ya madzi. Anzake ankamutchula Mayi Paipi. Anauza Levulo kuti asunthe ngati sakufuna kusamba kachiwiri, chifukwa inali nthawi yotsuka kachitatu ndipo kachinayi kanali kakubwera. Levulo anafunsa chifukwa chake ankatsuka kanayi pa tsiku. Mayiyo anayankha kuti kale ankasesa n'kuwaza utuchi wouma, zaka zisanu ndi zinayi osaona chilonda. Chaka chino anthu ena achifundo anapereka paipi, abwana n'kulamula kuti utuchi ndi wachikale. Agalu atayamba kudwala anati mayiyo sakutsuka mokwanira, ndiye anawonjezera kawiri. Atafa awiri anati ndi waulesi, anawonjezera katatu. Atafa enanso, kanayi.

"Akafanso wina, ndiye kuti ndizigona momwemo ndi paipi," anatero.

Kunyumba Levulo anafotokoza zonse mwachidule, chinthu chimene sanachitepo chikwatirire. Mkazi wake anatenga mbale ya Folomani, imene inali yoyera kale, n'kuitsukanso n'kuibwezera pamalo pake pakhonde.

"Paja inu mumati palibe chimene chimakukanikani," anatero osamuyang'ana.

M'mawa mwake Levulo anabwerera ku makola aja ndi levulo yake. Chinamuvuta chinali chimodzi: galu sasiya thabwa n'kukaima pasimenti popanda chifukwa. Anagwada pachitseko cha khola lachitatu, buluku lake labwino n'kunyowa m'maondo, n'kulowetsa levulo pansi pa waya. Kathovu kanathawira mbali imodzi ngati kaona apolisi. Anayezanso chapakati, n'kuyezanso kumapeto. Pansi ponse panali potsetserekera kumbuyo, kumatabwa ogonapo, osati kuchitseko kumene madzi ankayenera kutulukira.

Anadzuka atakwiya mosangalala, monga amachitira mmisiri akapeza cholakwa cha mnzake. Anauza Mayi Paipi kuti amene anaika pansi pamenepa si mmisiri, ndi chigawenga. Munthu wotere sayenera kupatsidwa ngakhale khola la nkhuku. Anamuphunzitsa ntchito ndani, anamulipira ndani, ali moyo kapena Mulungu anatichitira chifundo? Iye, Levulo, akanamupeza akanamudyetsa levulo ndi kathovu kake komwe. Mayi Paipi anatseka madzi kuti amve bwino, chifukwa sanasekepo pantchitopo chiyambire chaka.

Akulankhula choncho, Levulo anaponda pakona ya kuchitseko, n'kuyang'ana pansi. Pasimentipo panali mizere itatu yojambulidwa ndi nsonga ya mpeni womangira, ndi chidindo cha chala chachikulu pambali pake. Anawerama. Anaika chala chake m'chidindomo, ndipo chinalowa bwinobwino ngati kiyi.

Chinali chizindikiro chake. Pansi paliponse pamene anaikapo simenti, kuyambira ntchito yake yoyamba mpaka mabwalo a ndege aja, ankasiya mizere itatu ndi chala.

Mayi Paipi anasuzumira paphewa pake. "Ndiye chigawenga cha khola la nkhuku chija ndinu, achimwene?"

Levulo anakhala chete, ndipo amene amamudziwa akanapereka chilichonse kuti aone zimenezo. Anakhala pandowa yogadabuzika n'kumayang'ana khomalo. Pang'onopang'ono zinayamba kubwera. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo, nthawi ya nsapato zosiyana zija, anapatsidwa kantchito koika pansi pa khola la agalu. Panalibe galaja ya mabasi nthawi imeneyo, panalibe makola ena awiriwo, ndipo msewu unkadutsa mbali inayo. Zitseko zinali kumene lero kuli khoma la kumbuyo. Ndipo chala chake ankachidinda nthawi zonse pakona yokwera kwambiri, kutali ndi madzi, kuti chisafufutike.

Anadumpha pandowapo. Anauza mayiyo kuti iye chibadwire sanatsetserezepo pansi popanda kuika ngalande kumapeto kwake. Pansipo sipanalakwike. Anthu ndi amene anatembenuza khola msewu utasintha: anatseka zitseko zakale ndi njerwa, anaboola zatsopano mbali yokwera, n'kukhoma matabwa ogonapo mbali yotsika. Ngalande yake inali pansi pa matabwawo, wina anaimata pamwamba. Zaka zonse za utuchi palibe amene akanadziwa. Paipi ndi imene inaulula.

Mayi Paipi anati iye anauzapo abwana kuti madzi ena akumalowa pansi pa matabwa osabwerera, koma anamuyankha kuti avute tsache, asavute ofesi.

Woyang'anira uja anakana. Khola ndi katundu wa khonsolo, anatero, ndipo munthu sangabwere ndi nyundo kuchokera kumsewu n'kuyamba kuswa chifukwa wakumbukira za unyamata wake. Pafunika kalata, kalatayo ipite ku komiti, ndipo komiti ikumana mwezi wa mawa. Levulo anamukumbutsa kuti agalu ali ndi sabata imodzi. Woyang'anirayo anati akudziwa, ndipo zikumuwawa, koma alibe mphamvu.

Ndiye Levulo anapita kwa amene anali nazo mphamvu. Dokotala wa ziweto anali mayi wachitsikana wa maso otopa, ndipo tsikulo anali ndi mphaka wothyoka mwendo patebulo ndi mzere wa anthu panja. Levulo anadikira mpaka mzere unatha. Kenako anayamba ndi madoko a mayiko ozizira, n'kudutsa pa mahotela, n'kufotokoza kusiyana kwa pansi pa khitchini ndi pansi pa bafa, ndipo anali asanafike n'komwe pa agalu pamene dokotalayo anakweza dzanja. Anati abwera Loweruka m'mawa, kwa mphindi khumi, ngati bamboyo alonjeza kusiya kulankhula pompo. Levulo analonjeza, n'kuwonjezera kankhani kamodzi kokha potuluka.

Loweruka agalu a m'khola lachitatu anawatulutsira m'kabwalo ka mpanda kumbali kwa kholalo. Anatsala anthu anayi m'katimo: dokotala atayang'ana wotchi, woyang'anira atapinda manja, Mayi Paipi atanyamula ndowa yodzaza, ndi Levulo. Nthawi imeneyi sanatchule dziko lililonse. Anatenga kamtengo ka machesi n'kukaika pansi pafupi ndi chitseko, n'kuuza mayiyo kuti athire madzi pang'onopang'ono. Kamtengoko kanayandama, kanazungulira kamodzi, n'kuyamba ulendo. Kanasiya chitseko kumbuyo, kanadutsa pakati pa nsapato za woyang'anira, n'kukalowa pansi pa matabwa ogonapo osatulukanso.

Levulo anazula thabwa limodzi ndi chitsulo chozulira misomali. Linatuluka lolemera, lakuda kunsi, likudontha. Pansi pake panali madzi obiriwira ofika pakati pa chala, ndi fungo limene linabweza woyang'anira masitepe awiri. Dokotala sanabwerere m'mbuyo. Anagwada, n'kukanikiza pamwamba pa thabwalo ndi chala, madzi n'kutuluka ngati m'siponji. Anasiya kuyang'ana wotchi.

Kenako Levulo anatembenuza nyundo n'kuyamba kugogoda pansi ndi mpini wake, kuchokera pakati kupita kukhoma. Gu, gu, gu. Simenti yake yakale, yolimba ngati mwala. Gu, gu. Atatsala pang'ono kufika kukhoma, mawu anasintha. Go, go.

"Apa," anatero. "Adokotala, ngati mulibe ngalande apa, levulo iyi ndikusiyirani, muziyezera amphaka."

Woyang'anira anayambanso za komiti. Dokotala anamuuza modekha kuti khola limeneli analitseka ndi iye, ndi saini yake, ndipo mpaka Lachisanu zonse zochitika mmenemo azidzafunsidwa iyeyo. Anatembenukira kwa Levulo.

"Swani, bambo."

Nyundo yoyamba inang'amba mzere. Yachiwiri inalowa yonse. Amene anamata pamenepo anangoyala malata akale n'kupakapo simenti yopyapyala ngati bisiketi. Levulo anasenda zidutswazo ndi manja, ndipo pansi pake panaoneka ngalande yosalala, yotsetsereka bwino, youma ngati yamangidwa dzulo. Madzi obiriwira aja anaima kaye m'mphepete ngati sakukhulupirira, kenako anagwera m'katimo onse pamodzi n'kuthamanga. Kamtengo ka machesi kanadutsanso pamaso pawo, n'kulowa m'bowo la pakona. Kuseri kwa khoma kunamveka madzi akugwera m'dzenje limene aliyense anali ataliiwala.

Levulo anaimirira, manja ali matope, n'kufunsa aliyense payekhapayekha ngati anaonapo ngalande yokongola chonchi, ya zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, yopanda ndi mng'alu womwe. Mayi Paipi anati ndi yokongola ndithu, poganizira kuti anaimanga ndi chigawenga.

Koma dokotala sanachotse lamulo lake. Anati madzi awaona, koma sanganene kuti matendawo ndi a madzi okha. Lachisanu abwera ndi chikwama chake monga ananenera, ndipo agalu eni ake ndi amene adzamuuze chochita.

Lamulungu Levulo anabwera ndi amisiri ake anayi, amuna a ndevu amene anazolowera mahotela ndipo sanamvetse chimene analakwa kuti awatumize kwa agalu. Anatsegula ngalande yonse, n'kuivindikira ndi zitsulo za mipata. Matabwa owola anawataya. Atsopano anawaika mbali yokwera, pamwamba pa njerwa, kuti mphepo izidutsa pansi. Mnzake wina kalipentala anatumiza matumba a utuchi. Dokotala analemba papepala kuti kutsuka kukhale kamodzi pa tsiku, agalu ali panja, ndipo asabwerere pansi pasanaume. Mayi Paipi anamata pepalalo pachitseko cha ofesi ya abwana ake, osati pakhola.

Lolemba galu wina wokalamba wakuda anafa. Anali atadwala kwambiri kale, anatero Mayi Paipi, koma Levulo atabwerera kunyumba, kwa mkazi wake anangonena kuti ntchito ikuyenda. Lachiwiri anafika m'mamawa, dzuwa litangotuluka, n'kudabwa kuti kukhola lachitatu kuli zii. Anathamangira pawaya.

Agalu anali m'tulo. Onse, pamatabwa ouma, miyendo ili tambalale. Pakati penipeni, pamalo abwino kuposa onse pamene kadzuwa kankalowera, panagona Folomani. Anatsegula diso limodzi, anamuona Levulo, anagwedeza mchira kawiri osadzuka, n'kutsekanso disolo.

"Wabwerera pa udindo wake," Levulo anauza Mayi Paipi. Kenako anatsokomola n'kunena kuti utuchi umamulowa pakhosi.

Lachisanu mkazi wake anavala bwino, anatenga chingwe cha galu pamsomali n'kukwera galimoto osafunsidwa. Njira yonse anachigwira pamiyendo. Dokotala anafika ndi chikwama chakuda chija n'kuchiika pakhoma pamene aliyense ankachiona. Anayamba ndi galu woyamba: phazi, phazi, phazi, phazi, mimba, kenako kumvetsera pachifuwa. Mayi Paipi ankawagwira mmodzi mmodzi n'kumawatchula mayina amene anawapatsa yekha. Zilonda zinali zitauma m'mphepete, zina zitachita nkhanambo. Atatu ankatsokomolabe, ndipo dokotala anawaika pambali. Levulo anayesa kuyamba nkhani ya madoko, mkazi wake n'kumugwira pamkono, iye n'kusiya.

Folomani anali wa nambala makumi atatu ndi chimodzi. Anamuyeza atagona.

Atamaliza onse makumi atatu ndi asanu ndi awiri, dokotala anasamba m'manja pampopi, anapukuta, n'kupita pachikwama chija. Sanachitsegule. Anachikoleka paphewa n'kunena kuti atatuwo apitirize mankhwala sabata ina, otsalawo ali bwino, ndipo khola latsegulidwa. Amene ali ndi eni ake apite kwawo.

Mayi Paipi anakhala pansi pomwepo, pasimenti youma, n'kuvula majombo. Woyang'anira anakonza tayi n'kuuza dokotala kuti kwenikweni iye anali atayamba kale kukayikira pansipo. Levulo anamugwira chanza mwamphamvu mpaka bamboyo anaima ndi zala za kumapazi, n'kumuuza kuti akayikirenso makola awiri enawo, chifukwa sanawaike ndi iye, ndipo abwera Lolemba ndi levulo. Mkazi wa Levulo sanamve zonsezo. Anali atagwada, chingwe chili pansi, Folomani atatsamira mutu pamiyendo pake.

Atafika kunyumba anapeza mnansi uja akuthiriranso maluwa. Anaona galu pampando wakumbuyo n'kufunsa kuti zinayenda bwanji. Levulo anatsika, anakoka mpweya wokwanira nsanjika khumi ndi ziwiri, kenako anakumbukira n'kucheuka. Mkazi wake anali atalowetsa kale Folomani, ndipo ankakoka chitsulo cha geti mpaka chinalira.

"Yambani, bambo," anatero. "Ndatseka."